Mahabu a Ama NyaManda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa munthu wina anapita ku Joni. Kuno ku Nkhata Bay malo amapezeka choncho. Sudikira kuti wina akalambe kapena achotsedwe, umangodikira kuti pasipoti yake ituluke.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Umakaniko ndinauphunzirira pa Balaka, zaka zinayi ndikugwirira anthu masipanala popanda wonditchula kuti wantchito. Nditatopa nazo ndinanyamula mkazi ndi mwana kutsatira mlamu wanga, amene ankagwira ntchito ku esiteti ya mitengo ya mphira. Anali atandiuza pafoni kuti kumeneko akulemba anthu. Pomwe ndinkafika n'kuti atasiya kulemba. Tinakhala miyezi iwiri pakhomo pa mlamuyo, anthu atatu pamphasa imodzi pabalaza, m'mawa uliwonse kupinda mphasa msanga eni nyumba asanadzuke. Mlamu sanandinenepo kanthu, ndipo n'zimene zinkandiwawa kwambiri. Kwa eni kulibe mkuwe, ngakhale kutsokomola ndinkachita kutulukira panja.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinamva azibambo akukambirana kuti makaniko wa pa galaja ya a Kamanga pa Mpamba wakwera basi ya ku Joni. Lolemba m'mamawa ndinali nditafika kale pamenepo. A Kamanga anali bambo wamfupi, mkulu wa mpingo, wosakweza mawu. Anthu onse ankawatchula kuti Ada Kamanga, monga amachitira Atonga, nane ndinangotengera. Sanandifunse za mapepala. Anatola belingi yakuda bii pansi, n'kundipatsa pamodzi ndi chitini cha girizi.

"Tsuka, upake."

Ndinaitsuka ndi palafini, n'kuika girizi pachikhatho, n'kumakanikiza belingiyo pang'onopang'ono mpaka girizi atatulukira mbali inayo kuzungulira konse. Iwo anangoima, manja ali kumbuyo.

"Uyambe lero," anatero. "Miyezi itatu ndikhala ndikukuona. Ukangowononga galimoto ya munthu kamodzi, ubwerera kwanu ukalime kachewere."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linatha. Ndinasanduka "a Ntcheu", ngakhale kwa amayi ogulitsa nthochi pamsika.

Galajayo inali chisakasa cha malata pafupi ndi msika, yopanda dzenje lolowera pansi pa galimoto. Umayala katoni, n'kugona chagada. Amakaniko tinali awiri basi, iwo ndi ine, ndipo iwo msana unali utayamba kuwavuta, ndiye chilichonse chofuna kukwawa chinali changa. Maminibasi, njinga zamoto za kabaza, nthawi zina thalakitala. Ndinkayamba sikisi koloko, kuweruka dzuwa litapendeka, manja osamvanso sopo. Koma mwezi woyamba utatha ndinapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Kanali kakang'ono, denga lodontha pakona, koma chitseko chake chinali chathu. Mkazi wanga tsiku loyamba anatseka ndi kutsegula chitsekocho katatu konse akuseka. Ndinadziuza kuti miyezi itatuyi ndiimaliza ngakhale ndikwawe.

Mmodzi mwa makasitomala akale a galajayo anali Ama NyaManda, mayi wa ku Usisya wa msinkhu wa mayi anga. Anali ndi pikapu yakale ya dizilo, ya folo wilo, imene inkabweretsa usipa ndi ufa wa chinangwa kuchokera kwawoko, pobwerera n'kunyamula mchere, shuga ndi simenti. Msewu wake ndi uja wochoka pa Mpamba kudzera ku Chikwina, wa dothi lofiira ndi zitunda zokhazokha. Eni ake sankayendetsa. Woyendetsa anali mkamwini wawo, a Longwe, munthu wofatsa amene moyo wake wonse ankayendetsa minibasi patala. Koma wolamula m'galimotomo anali ama. Akati ima, imaima.

Kwa amene sanagwirepo ntchitoyi, habu ndi chitsulo chozungulira chija chimatuluka pakati pa tayala la kutsogolo. Ntchito yake ndi kulumikiza tayalalo ndi shafiti yochokera ku difu ya kutsogolo, chimphika cha magiya chija chimakhala pansi pa galimoto pakati pa matayala. Habu ikagwira, injini imakoka ndi matayala onse anayi. Ikamasuka, akutsogolo amangogubuduzika, galimoto n'kumakankhidwa ndi akumbuyo okha. Pikapu ya ama inali ndi mahabu a otomatiki, amene amagwira okha ukangolowetsa giya yaing'ono ya folo wilo. Akakhala atsopano ndi abwino. Koma m'matope, dalaivala akamabweza galimoto m'mbuyo ndi kutsogolo kuti azuke, mahabuwa amamasuka ndi kugwiranso nthawi iliyonse mpaka za m'kati zimadyeka. A pikapu imeneyi anali atafika pongolira ngati chigayo chopanda chimanga. Mwana wa ama amene ali ku Joni anatumiza ena a manyuwo, otembenuza ndi dzanja, kuti tichotse akalewo mvula isanayambe.

Pikapu inabwera Lachisanu lina mu Okutobala, tsiku limene Ada Kamanga ankapita ku msonkhano wa mpingo ku Bandawe. Anandiikira bokosi la mahabu m'manja.

"Unamangapo amenewa?"

"Kawiri, ada, ku Balaka."

"Kachitatu kakhale kabwino."

Ndinatsekera matayala akumbuyo ndi miyala, n'kukweza kutsogolo ndi jeke, n'kuika zipika pansi pa chasisi, chifukwa jeke wathu ankatsika yekha ukamukhulupirira. Habu ya otomatiki imagwiridwa ndi mabawuti sikisi omasula ndi aleni kii. Kumanja onse anatuluka bwinobwino. Kumanzere bawuti lomaliza linali litadyeka m'mutu, aleni kii n'kumangozungulira m'menemo. Ndinalimbana nalo pafupifupi ola lathunthu, mpaka ndinachita kulizunguza ndi tchizulo ndi hamala, ndikulitukwana m'chilankhulo chakwathu.

Ukachotsa chivundikiro umapeza sekilipu, kamphete kachitsulo kamene kamakhala m'kamzere kumapeto kwa shafiti. Kamachotsedwa ndi pulayazi yakeyake ya nsonga ziwiri, ndipo yathu nsonga imodzi inali yopindika. Kamphete kanandipulumuka, kanauluka kukagwera m'dothi lakuda ndi oilo. Ndinakwawa galaja yonse ndi maginito ya sipika yakale mpaka nditakapeza pansi pa benchi. Kuseri kwa kampheteko kuli mawasha ndi kachipangizo ka pulasitiki kamene kamachititsa habu kugwira yokha. Zimenezo zimachoka, sizibwereranso. Ka pulasitikiko kanali katagumuka ngati bisiketi.

Poti ndinali nditatsegula kale, ndinamasula nati yaikulu, kutulutsa mabelingi, kuwatsuka ndi kuwapaka girizi watsopano. Nati imeneyi umaimanga kwambiri uku ukuzunguza tayala, kenako umaibweza pang'ono, mpaka tayala lizizungulira momasuka koma losagwedera ukaligwira pamwamba ndi pansi. Ndiye umaika gasiketi, kulowetsa habu yatsopano m'mano a shafiti, kubwezera sekilipu, n'kuvundikira. Girizi wa m'habu ya manyuwo ndi wongopaka ndi chala. Ukadzaza, sipuling'i imalephera kukankha ndipo habu siigwira. Mabawuti umamanga modumphitsa, ili kenako loyang'anana nalo, kuti chivundikiro chikhale mofanana.

Pachivundikiropo pamakhala kabatani kofiira kotembenuza ndi zala, kokhala ndi muvi, ndipo m'mbali mwake munalembedwa mawu awiri a Chingerezi, LOCK ndi FREE. Muvi ukaloza pa LOCK ndiye kuti tayala lagwirana ndi shafiti, folo wilo ikoka. Ukaloza pa FREE tayala lamasuka, ngakhale ulowetse giya yanji kutsogolo sikukoka. Pamatope ndi pazitunda umatsika n'kuika pa LOCK mbali zonse ziwiri, ukafika patala umabweza pa FREE. Ndinayesa galimoto ikadali pazipika. Pa LOCK, ndikazunguza tayala shafiti inkazungulira nalo. Pa FREE inkangokhala duu. Mbali zonse chimodzimodzi. Ntchito imeneyo inali yabwino, ndipo mpaka lero palibe angandiuze kuti inali yoipa.

Ndinamaliza cha m'ma folo koloko, ndisanaike kanthu m'kamwa chiyambire m'mawa. Ama NyaManda anafika ndi amayi anzawo atatu a pamsika, a Longwe ali tsidya la msewu kukweza matumba a mchere pangolo. Ama anawerama kuyang'ana kabatani kofiira kaja, n'kuwerenga mokweza kuti anzawo amve.

"Loko. Fili. Eee, mwana wanga ku Joni waganiza bwino! Wanditumizira za loko womwe. Mwaona anzanga? Ukaimika galimoto uika pa loko, akuba sangaiyendetse. Ukafuna kuyenda uika pa fili. Si choncho, a Ntcheu?"

Amayi aja anawomba m'manja. Onse anayi anandiyang'ana.

Ndinamva bwinobwino kuti alakwitsa. Sindinganame kuti sindinamve. Koma kwathu tinaleredwa kuti wamkulu salakwa pagulu, ndipo awa anali mayi wa msinkhu wa mayi anga, kasitomala wa bwana, akunyadira mwana wawo pamaso pa anzawo. Ine mlendo wongobwera kumene, wosadziwa n'Chitonga chomwe, ndiyambe kuti ayi ama, mwalakwa? Njala nayo inali itandimaliza. Ndinaganiza kuti ndiwafotokozera a Longwe pambali, poti woyendetsa ndi iwo.

"Eya, ama," ndinatero.

Nthawi yomweyo minibasi inalowa ikufuka nthunzi, kondakitala akukuwa kuti fani belo yaduka, anthu akufuna kukafika ku Mzuzu. Ndinalowetsa mutu mu injini. Pomwe ndinkautulutsa, pikapu inali itapita.

Nambala ya foni ya ama inali ndi Ada Kamanga. Kuipempha kukanafuna kuti ndifotokoze chifukwa chake, ndiye ndinati ndidikira pikapu ikadzadutsa. Inadutsa kangapo ndithu, ine ndili pansi pa galimoto ina, n'kumati ulendo winawo. Msewu unali wouma, pikapu yolemera kumbuyo inkakwera zitunda ndi matayala awiri, ndipo giya yaing'ono inkaperekabe mphamvu kumbuyoko, ndiye a Longwe sanaone kusiyana kulikonse. Dandaulo silinabwere. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezu wake ndinali ine.

Mu Disembala, kutatsala sabata imodzi kuti miyezi yanga itatu ikwane, mvula inagwa masiku atatu osakata. Sabata yomweyo mlongo wawo wa Ama NyaManda, amene anamwalirira ku Joni, thupi lake linafika. Galimoto zobweretsa maliro kuchokera kumeneko zimathera patala, sizilowa msewu wa ku Usisya nthawi ya mvula. Ndiye m'mawa wa Lachinayi bokosi analitsitsira pa Mpamba pomwepo, tsidya la msewu moyang'anana ndi galaja yathu, n'kulikweza m'pikapu ya ama. Ndinaima ndi sipanala m'manja ndikuonerera amayi akuimba. Maganizo a kabatani kaja anandibwerera. Koma munthu ungadutse bwanji pakati pa anamfedwa n'kukagwada patayala la galimoto ya maliro? Ndinadzinyenga kuti a Longwe ndi dalaivala, pofika pano anazindikira okha. Pikapu inanyamuka cha m'ma seveni.

Cha m'ma leveni foni ya Ada Kamanga inalira. Atamvetsera anandiitana.

"A Ntcheu. Galimoto ya maliro yatitimira kupitirira Chikwina. Akuti folo wilo siikugwira. Mahabu aja anamanga ndani?"

"Ine, ada."

"Ndiye tenga zida upite."

Ndinadziwa vuto ndisananyamule n'chikwama chomwe, koma ndinanyamula zonse, aleni kii, pulayazi, masipanala, ngati munthu wokafufuza. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Ulendo umenewo, abale, sindiufunira munthu. Dothi la kumeneko likanyowa limaterera ngati therere. Tinagwa kawiri, kachiwiriko bondo langa linamenya mwala. Malo ena ndinkatsika kukankha njinga imene ndinailipira kuti indinyamule. Chigawo chomaliza wakabaza anakana, ndinayenda wapansi chikwama chili pamutu. Ndinafika itadutsa thu koloko.

Pikapu inali m'munsi mwa chitunda, itapendekeka. Matayala akumbuyo anali atakumba mpaka difu itakhala pansi, akutsogolo ali phee pamwamba pa dothi, osakumba olo pang'ono. Makaniko aliyense akanadziwa poona zimenezo. Bokosi anali atalitsitsa kuti galimoto ipepuke. Analiika pambali pa msewu pamwamba pa nthambi, n'kulifunditsa lona, ndipo amayi anakhala molizungulira pamvula, zitenje zili kumutu. Nyimbo zinali zitatha kalekale. Azibambo anali ofiira ndi matope kuyambira kumapazi mpaka m'makosi a majekete awo a ku tchalitchi. Anali atakankha maola anayi, ndipo ku Usisya manda anali okumba kale, anthu akudikira chiyambire m'mawa.

Palibe anandipatsa moni. Ena analankhula m'Chitonga, ndipo ngakhale sindinamve zonse, mawu akuti galaja ndinawamva. Bambo wina anafunsa m'Chichewa kuti ndimve bwino: "Katswiri wake ndi ameneyu?"

Ndinagwada patayala la kumanja, n'kupukuta matope pakabatani ndi chala. Muvi unaloza pa FREE. Ndinapita kumanzere, chimodzimodzi. Ntchito yonse imene ndinagwera kawiri panjira inali yongotembenuza kabatani ndi tizala tiwiri uku ndi uku.

Ndisanakhudze, ama analankhula ali chikhalire kumutu kwa bokosi. Maso anali otupa, mawu atasasa, koma aliyense anamva.

"Mwana wanga, watichita chiyani? Ine ndachita zonse mmene tinagwirizanirana. M'mawa uno ndaika pa fili ndi manja angawa, mbali zonse, ndisanakweze mlongo wanga."

Ndikatembenuza kabatani pamaso pa anthu onsewa, galimoto n'kuzuka, aliyense adziwa kuti mayi wofedwayu ndi amene wagoneka mlongo wake pamvula ndi dzanja lake. Ndikabisa, ndiye kuti ntchito yanga ndi yowola, ndipo ndinadziwa chimene Ada Kamanga anandilonjeza. Ndinaganiza za kachipinda kathu kaja. Ndinayang'ananso ama. Ndinatsegula chikwama.

Ndinamasula mabawuti sikisi a habu yabwinobwino, kuchotsa chivundikiro, kuchiyang'anitsitsa, kuchiuzira, kuchipukuta ndi kansalu, n'kuchibwezera. Kenako nditatchinga ndi thupi langa ndinatembenuzira pa LOCK. Mbali inayo ndinachita sewero lomwelo. Zinanditengera mphindi makumi awiri, ndipo mphindi zonsezo mvula inkamenyabe lona la pabokosi chifukwa cha bodza langa. Azibambo anakumba kutsogolo kwa matayala akumbuyo ndi makasu obwereka, tinaponyamo miyala ndi nthambi.

"A Longwe, lowetsani giya yaing'ono. Musaponde mafuta ambiri, muisiye ikoke yokha."

Matayala akutsogolo anagwira dothi, pikapu inanjenjemera, n'kutuluka m'dzenjemo ngati palibe chinachitika. Panalibe wosangalala. Anangonyamula bokosi mwakachetechete kukalikweza pamwamba pa chitunda.

Ndinakokera a Longwe kuseri kwa galimoto. Kutsogoloko kunali kutsetsereka koopsa kotsikira ku Usisya, ndipo apa sindikanathanso kukhala chete.

"Mahabu alibe vuto. Pamatope mumaika pa LOCK. Si loko wa akuba ayi. Musalole munthu aliyense atembenuze mpaka mutabwerera patala pa Mpamba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akutsika pachipewa.

"Ndiye bwanji sunanene?"

Ndinawerama kutola chikwama changa. Anakwera, ananyamuka. Ine ndinabwerera wapansi kukapeza wakabaza uja, bondo litatupa ngati papaya. Tsiku lotsatira tinamva kuti maliro anafika mochedwa kwambiri, manda atadzaza madzi n'kugumuka mbali imodzi, abusa ndi anthu ochokera kutali atabwerera. Anakumbanso, n'kuika Lachisanu, anthu atachepa.

Lachiwiri lotsatira pikapu inaima pagalaja. Ama anatsika atavala zakuda, n'kukhala pabenchi ndi Ada Kamanga. Analankhula Chitonga motsitsa mawu, ndipo bola akanakuwa. A Longwe anatsala m'galimoto, maso ali pachiwongolero. Ndinazindikira kuti sanawauze apongozi awo kanthu, poopa kuti angafunsidwe kuti dalaivala wanji wosadziwa mahabu.

Ada Kamanga anadzuka, anatenga jeke okha ndi msana wawo wovutawo, anakweza kutsogolo. Anazunguza tayala pa LOCK, anazunguza pa FREE. Anatsegula chivundikiro chimodzi, kuona girizi, n'kutseka. Kenako anandiitanira kuseri kwa chisakasa.

"Kuphiri kuja unakonza chiyani?"

Ndinawauza zonse, kuyambira Lachisanu lija. Anamvetsera manja ali kumbuyo.

"Habu unamanga bwino," anatero. "Ine sindikanaposa pamenepa. Ukanathyola chitsulo ndikanagula china, n'kukukhululukira. Koma unamva munthu akulakwitsa pa chinthu chimene ukuchidziwa, iwe n'kunena kuti eya."

"Unali ulemu, ada. Panali anthu."

"Ulemu umenewo wagoneka maliro pamsewu." Analoza kubenchi. "Mpaka pano mayiwa akudziwa kuti poyenda n'pa fili. Ali apo. Pita ukawauze wekha."

Pa zonse za nthawi imeneyo, kugwa panjinga, matope, maso a azibambo aja, palibe chinandilemera ngati mayadi khumi ochoka kuseri kwa chisakasa kukafika pabenchi. Ndinagwada patsogolo pawo. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, ndikubwereza, poti Chichewa si chilankhulo chawo: kuti LOCK si loko wa akuba, kuti ndi pamene folo wilo imagwira, kuti ndinamva tsiku lija akulakwitsa ndipo ndinavomera, kuti kuphiri kuja sindinakonze kalikonse.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anadzuka, kupita patayala, kuwerama, n'kutembenuza kabatani ndi zala zawo. LOCK. FREE. LOCK. Anaima choncho atagwira bondo.

"Ndiye kuti ndine ndinamugoneka pamvula mlongo wanga."

"Ayi ama, ndine."

"Dzanja linali langa." Anaweramuka, n'kundiyang'ana. Sanakalipe. "Mwana wanga, ukanandiuza tsiku lija ndikanakutukwana mphindi ziwiri pamaso pa anzanga, n'kutha. Ine ndine wa pamsika, manyazi a mphindi ziwiri sakanandipha. Izi ndiye ndifa nazo."

Anakwera galimoto. A Longwe analiza injini osandiyang'ana.

Ada Kamanga sanachite kunena zambiri. Usisya yense ankadziwa kuti galaja ya Kamanga inachedwetsa maliro, ndipo iwo sakanayenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti wolakwitsa ndi mayi wofedwa. Anandiuza kuti ndimalize sabatayo. Loweruka anandipatsa aleni kii ndi pulayazi ya nsonga yopindika ija kuti ndikayambire, n'kunena kuti, "Manja uli nawo, a Ntcheu. Pakamwa ndi pomwe pakusowa sipanala." Kumapeto kwa mwezi tinabweza kiyi wa kachipinda. Mkazi wanga anapinda mphasa, tinakagogodanso kwa mlamu.

Panopa ndili ndi kachisakasa kanga pa Chintheche, ndipo mahabu ndasintha ambiri, a malodji a ku Kande, a amalonda, a mipingo. Galimoto siichoka mwini wake ndi dalaivala wake asanagwade patayala, kutembenuza ndi dzanja lawo, n'kundiuza ndi pakamwa pawo kuti pamatope aika pati. Akalakwitsa ndimati ayi, mwalakwa, kaya ndi bwana, kaya ndi abusa, kaya pali anthu angati. Ena amakwiya, amati makaniko wa ku Ntcheu uja ndi wamwano. Mawu oti mwalakwa amandiwawabe pakamwa nthawi iliyonse, chifukwa si mmene anandilelera, ndipo kunena zoona ndatopa nako kutchedwa wamwano. Koma ndimanenabe.

Pikapu ya Ama NyaManda ikuyendabe ndi mahabu omwe aja. Nthawi zina imadutsa pano popita ku Dwangwa ndi usipa. Ama akandiona amakweza dzanja, amandifunsa za mkazi ndi ana. Galimoto yawo sanandipatsenso.